Tsinya ndi Chipsera: Mbiri ya Kajambulidwe ka Nkhope ya Woipa Mtima M'makatuni

Kujambula nkhope ya munthu woipa mtima m'makatuni, kaya ndi a m'nyuzipepala, a m'mabuku a nthano za zithunzi kapena oyenda a pa kanema, kumaoneka ngati ntchito yopepuka, pakuti ngakhale mwana wasukulu amadziwa kuti timizere tiwiri topendekera pamwamba pa maso, tokumana cha pamphuno, timasandutsa nkhope yofatsa kukhala yaukali. Komabe timizereti tili ndi mbiri ya zaka zoposa 400 m'mabuku a ku Ulaya, ndipo m'zaka zonsezo ojambula akhala akutsata njira ziwiri zimene nthawi zambiri zimasakanizidwa ngakhale kuti nzosiyana kotheratu. Njira yoyamba imajambula zimene nkhope ikuchita pa nthawiyo, monga kumanga tsinya, kuyang'ana cham'mbali kapena kumwetulira mwachinyengo, ndipo imauza woonera zimene zili mumtima mwa mpangankhani pa mphindi imeneyo. Njira yachiwiri imajambula zimene munthu anabadwa nazo kapena zimene zinamugwera, monga mphuno yokhota, nsagwada zazikulu, khungu lakuda kapena chipsera, ndipo imamuweruza iye pamodzi ndi onse ofanana naye asanachite kanthu kalikonse.

Njira yachiwiriyi ndiyo yakale kwambiri m'zolembedwa. Agiriki anali ndi chiphunzitso chotchedwa physiognomy, chimene chinkati khalidwe la munthu likhoza kuwerengedwa pa kapangidwe ka thupi lake, ndipo buku lina lofotokoza zimenezi linayenda zaka mazanamazana lili ndi dzina la Aristotle ngakhale kuti akatswiri a masiku ano amati analilemba ndi otsatira ake. Mfundo yake inali yakuti munthu wofanana ndi nyama inayake amatenganso mtima wa nyamayo. Mu 1586 Giambattista della Porta wa ku Naples anasindikiza buku lotchedwa De humana physiognomonia, momwe anaika mitu ya anthu pambali pa mitu ya mkango, ng'ombe, nkhosa, nkhumba ndi mbalame, kuti wowerenga adzionere yekha kufananako. Zithunzi zimenezi zinapatsa ojambula chida chimene sanachisiyenso, chifukwa wofuna kusonyeza dyera ankangobwereka maso aang'ono a nkhumba, wofuna kusonyeza nkhanza n'kubwereka mlomo wa mbalame yolusa kuti ukhale mphuno ya munthu. Pa nyengo yomweyo, mumzinda wa Bologna, Annibale Carracci ndi abale ake ankajambula nkhope za anthu enieni mokuza mwadala zina mwa ziwalo zake, ndipo kajambulidwe kokokomeza kameneka ndiko kanadzabala makatuni a ndale.

Njira yoyamba inaikidwa m'dongosolo ndi Charles Le Brun, mkulu wa ojambula a mfumu Louis XIV ya ku France, amene mu 1668 anakamba nkhani ku sukulu yachifumu ya zojambula ndi zosema mumzinda wa Paris yofotokoza mmene mkwiyo, mantha, nsanje, chidani ndi zina zotere zimaonekera pankhope. Potsata maganizo a René Descartes, amene mu 1649 analemba kuti mzimu umalamulira thupi kudzera m'kachiwalo kakang'ono ka pakati pa ubongo, Le Brun anaphunzitsa kuti nsidze ndizo zimaulula za mumtima kuposa maso enieniwo, ndipo kuti zimakwera kapena kutsika malinga ndi zimene mzimu ukumva. Maziko a sayansi a mfundoyi anagwa kalekale, koma zimene Le Brun anaona ndi maso ake zinali zoona. Pofotokoza nsanje, yomwe ankati imayendera limodzi ndi chidani, iye anatchula chipumi chamakwinya, nsidze zotsika, mwana wa diso wobisala pansi pa nsidze akuyang'ana cham'mbali kosiyana ndi kumene nkhope yaloza, ndi milomo yotseka yokokedwera m'mbali. Aliyense wojambula chigawenga chokonza chiwembu lerolino amabwereza malangizo amenewa, ngakhale atakhala kuti dzina la Le Brun sanalimvepo. Zojambula zake zinasindikizidwa mu 1698, iye atamwalira kale, ndipo ophunzira luso la zojambula ku Ulaya konse anazikopera kwa zaka zoposa zana limodzi.

Njira ziwirizi zinawombana poyera m'zaka za m'ma 1770. Johann Caspar Lavater, m'busa wa mpingo wa ku Zürich, anatulutsa mabuku anayi pakati pa 1775 ndi 1778 onena kuti mafupa a nkhope, makamaka chipumi, mphuno ndi chibwano, ndi chidindo chimene Mlengi anaika pa munthu aliyense chosonyeza ubwino kapena kuipa kwake. Mabukuwa anamasuliridwa m'zinenero zambiri ndipo anthu anawakhulupirira kwambiri, kotero kuti mu 1831 Robert FitzRoy, woyendetsa sitima ya Beagle, anatsala pang'ono kukana Charles Darwin paulendo wake chifukwa ankaganiza kuti munthu wa mphuno yoteroyo sangakhale wolimba mtima. Amene anatsutsa Lavater mwamphamvu anali Georg Christoph Lichtenberg, mphunzitsi wa sayansi wa ku Göttingen, yemwe iye mwini anali ndi linunda ndipo ankadziwa bwino mmene anthu amaweruzira thupi. Mu 1778 Lichtenberg analemba kuti ziwalo zosasuntha za nkhope zimaumbidwa ndi matenda, ngozi, nyengo ndi chibadwa, motero sizinganene kanthu kodalirika za mtima, koma kuti kusuntha kwa nkhope, komwe kuphunzira kwake kumatchedwa pathognomy, ndiko kungapereke umboni. Lichtenberg ndiye ankanena zoona, koma Lavater ndiye anagulitsa mabuku ambiri, ndipo ojambula a zaka zana lotsatira anamvera wogulitsayo.

Munthu woyamba kufunsa funso limeneli monga wojambula nthano za zithunzi anali Rodolphe Töpffer, mphunzitsi wa ku Geneva amene ambiri amamutcha kholo la mabuku a makatuni. Matenda a maso anamulepheretsa kukhala wojambula wa penti ngati bambo ake, motero anazolowera kujambula mofulumira ndi cholembera, timizere tochepa chabe, nthano zoseketsa zimene wolemba wotchuka Goethe anaziona n'kuziyamikira. M'kabuku kake ka mu 1845, Essai de physiognomonie, Töpffer anasonyeza kuti nkhope iliyonse yojambulidwa, ngakhale yokhotakhota ngati ya mwana wongoyamba kugwira pensulo, imakhala ndi khalidwe lake ikangotha kujambulidwa, ndipo kuti wojambula angaphunzire luso lake lonse pojambula mutu umodzi kambirimbiri, uku akusintha chinthu chimodzi chokha, kaya ndi chikope, ngodya ya mlomo kapena mtunda wa pakati pa mphuno ndi pakamwa, n'kumaona mmene tanthauzo likusinthira. Iye anasiyanitsa zizindikiro zosakhalitsa, zomwe ndi kuseka, kulira ndi kukwiya, ndi zizindikiro zokhalitsa, zomwe ndi kapangidwe ka mutu, ndipo anapeza kuti zoyambazo nzodalirika pomwe zachiwirizo zimanamiza, chifukwa chipumi chomwecho chikhoza kukhala cha wanzeru kapena cha chitsiru malinga ndi zimene zajambulidwa pansi pake. Wolemba mbiri ya zaluso E. H. Gombrich anadzaukitsa maganizo a Töpffer mu 1960 m'buku lake la Art and Illusion.

Chinsinsi cha nkhope yachiwembu, yosiyana ndi nkhope yongokwiya, chinaululidwa ndi dokotala wa ku France, Guillaume Duchenne de Boulogne, amene mu 1862 anasindikiza zithunzi za kamera za anthu amene ankawagunditsa timawaya ta magetsi pankhope kuti mnofu umodzi uliwonse ukokeke paokha. Zambiri mwa zithunzizi zinali za bambo wina wokalamba, wopanda mano, amene khungu la nkhope yake silinkamva ululu kwenikweni. Duchenne anapeza kuti kumwetulira kochokera pansi pa mtima kumagwiritsa ntchito minofu iwiri, wina wokweza ngodya za milomo ndi wina wozungulira diso umene umakweza masaya n'kupanga timakwinya m'mbali mwa maso, ndipo kuti wachiwiriwu sumvera lamulo la munthu mosavuta, kotero kuti womwetulira monyenga amaseka ndi pakamwa pokha maso ali gwa. Anapezanso kamnofu ka pakati pa nsidze, pamwamba pa mphuno, kamene kakakokeka kamatsitsa nsonga zam'kati za nsidze, ndipo anakatcha mnofu wa chiwawa, mpaka anakagwiritsa ntchito pojambula mayi wina ngati Lady Macbeth wa m'sewero la Shakespeare. Darwin, amene anagwiritsa ntchito zina mwa zithunzi za Duchenne m'buku lake la mu 1872 lonena za maonekedwe a nkhope mwa anthu ndi nyama, anaonjezapo kunyogodola, kumene munthu amakweza mlomo wam'mwamba mbali imodzi yokha n'kuonetsa dzino losongoka, monga achitira galu wofuna kuluma. Apa ndiye pagona luso lonse: nkhope yokwiya kumwamba ndi kumunsi komwe imangoopseza, koma nkhope imene nsidze zake zikunena za chiwawa pamene pakamwa pakunena za chimwemwe imauza woonera kuti mwiniwakeyo akukondwera ndi choipa chimene akufuna kuchita, ndipo kutsutsana kumeneku ndiko kumazizitsa nkhongono.

Pamene Duchenne ndi Darwin ankayesa minofu, ena anali kalikiliki kuyesa mafupa. Mu 1876 Cesare Lombroso, dokotala wa ku Italy, anatulutsa buku la L'uomo delinquente lonena kuti pali anthu obadwa ali zigawenga, amene amadziwika ndi nsagwada zazikulu, chipumi chotsetsereka, makutu otambalala ndi nkhope yosalingana mbali zake ziwiri. Umboni wotsutsa unabwera msanga. Francis Galton, cha mu 1878, anaunjika zithunzi za akaidi ambiri pa chithunzi chimodzi poyembekezera kuti nkhope yeniyeni ya chigawenga itulukira, koma chimene chinatuluka chinali nkhope ya munthu wamba, yooneka yaulemu kuposa ya mkaidi aliyense payekha. Mu 1913 Charles Goring, atayeza akaidi pafupifupi 3,000 a ku England n'kuwayerekeza ndi anthu ena, analengeza kuti mtundu wa thupi la chigawenga kulibe. Koma manyuzipepala a zithunzi anali atazolowera kale. George Cruikshank anali atajambula Fagin wa m'buku la Oliver Twist mu 1838 ndi mphuno imene owerenga ankaizindikira kuti ndi ya Myuda, John Tenniel wa magazini ya Punch ku London ankajambula anthu a ku Ireland omenyera ufulu ndi nsagwada za anyani, ndipo Thomas Nast wa ku New York, amene amatamandidwa moyenerera chifukwa chogwetsa wandale wakatangale William Tweed ndi zithunzi zake za mu 1871, anachitanso zomwezo kwa anthu a ku Ireland osamukira ku America. Anthu akuda anajambulidwa moipa kuposa onsewa, ndipo kwa nthawi yaitali kuposa onsewa.

Makatuni oyenda, amene anayamba ndi mafilimu aafupi ngati a J. Stuart Blackton mu 1906 ndi Émile Cohl mu 1908, analandira cholowa chonsechi ali ndi vuto lawolawo. Filimu ya mawu imaonetsa zithunzi 24 pa sekondi iliyonse, ndipo chithunzi chilichonse chinkajambulidwa pamanja, motero mzere uliwonse woonjezera pankhope unali ndalama ndi nthawi. Chigawenga chinayenera kudziwika pa kuphethira kamodzi kwa diso ndiponso ndi mizere yochepa. Pete, chigawenga chakale kwambiri cha Walt Disney chimene chinaonekera koyamba mu 1925, zaka zitatu Mickey Mouse asanabadwe, anali wamkulu thupi, wa nsagwada yolemera, mano otuluka ndipo m'mafilimu ambiri mwendo umodzi wamtengo, kutanthauza kuti ulumali unalowa m'ntchitoyi kuyambira pachiyambi monga chizindikiro cha kuipa. Mu filimu ya Three Little Pigs ya mu 1933, mmbulu wofuna kudya tiana ta nkhumba unadzibisa povala mphuno yaikulu, ndevu ndi magalasi kuti uoneke ngati Myuda wogulitsa malonda khomo ndi khomo, m'chaka chomwe Adolf Hitler anatenga boma ku Germany. Gawo limeneli linajambulidwanso mu 1948, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha.

Filimu ya Snow White and the Seven Dwarfs, imene inaonetsedwa koyamba ku Los Angeles pa 21 December 1937, ndi malo abwino oonera njira ziwirizi zili pamodzi mwa munthu mmodzi. Mfumukazi yoipa, imene Art Babbitt anali mmodzi mwa oijambula, ndi mkazi wokongola wopanda chilema chilichonse, ndipo kuopsa kwake konse kuli m'nsidze zopyapyala zokwera, zikope zotsika theka, milomo yofiira yosasuntha kwambiri ndi maso amene amatong'oka mwadzidzidzi akamva kuti pali wina womuposa. Koma ikafuna kupha, mfumukaziyo imamwa mankhwala n'kusanduka nkhalamba ya mphuno yokhota yokhala ndi njerewere, dzino limodzi, maso otuluka ndi msana wopindika, imene Joe Grant anaikonza ndipo Norm Ferguson anaiyendetsa. Filimuyo ikunena poyera kuti nkhalambayo ndi chobisalira chabe, koma chimene chimatsala m'mutu mwa mwana woonera n'chakuti kuipa kukavula chigoba kumaoneka ngati gogo wosauka. Makatuni sindiwo anayambitsa maganizo amenewa, ndipo ku Ulaya chithunzi cha mfiti yokalamba chinalipo zaka mazana ambiri filimu isanabwere. Komabe wowerenga wa ku Malawi, kumene lamulo la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti koma kumene okalamba anayi anaphedwa ku Neno mu January 2016 powaganizira ufiti, sangatenge makwinya ndi kuguluka mano monga zizindikiro zopanda vuto.

Patapita zaka zitatu, mu Fantasia ya mu 1940, Bill Tytla anajambula chiwanda chotchedwa Chernabog chikutambasula mapiko pamwamba pa phiri, ndipo anagwiritsa ntchito chida china chimene mafilimu a ku Germany a zaka za m'ma 1920 anali atachinola, ndicho kuwala kochokera pansi. Diso la munthu linazolowera kuwala kochokera kumwamba, kumene kumaika mthunzi pansi pa nsidze, mphuno ndi chibwano, ndiye moto ukakhala pansi pa nkhope mithunzi yonse imatembenuka, mphuno imaponya mthunzi wake chokweza, masaya amawala m'munsi, ndipo nkhope yodziwika imaoneka yachilendo. Chida chimenechi sichinena kanthu za mtundu wa munthu kapena kubadwa kwake, ndipo chimagwira ntchito pa nkhope ina iliyonse.

M'chaka chomwecho cha 1940, m'buku loyamba la Batman, munatuluka Joker, amene kumwetulira kwake kwakhala chitsanzo cha kumwetulira konse koopsa m'makatuni. Bill Finger, Bob Kane ndi Jerry Robinson anafotokoza mosiyana za mmene anayambira, koma pali kugwirizana kwakukulu kuti nkhopeyo inatengera chithunzi cha Conrad Veidt mu filimu ya mu 1928, The Man Who Laughs, yochokera m'buku la Victor Hugo la mu 1869. Chofunika kuchidziwa n'chakuti Gwynplaine, mpangankhani amene Veidt ankasewera, si chigawenga ayi, koma munthu wabwino amene anthu ankhanza anamucheka pakamwa ali mwana kuti azioneka woseka moyo wake wonse. Hugo analemba nkhaniyo pofuna kuti owerenga amvere chisoni munthu amene nkhope yake imanama za mtima wake, ndipo makatuni anatenga bala lomwelo n'kulisandutsa umboni wa kuipa. Chester Gould, amene anayamba makatuni a Dick Tracy mu 1931 pa nthawi imene zigawenga za ku Chicago zinkatchuka ngati ngwazi, anapita patali kuposa apa, pakuti zigawenga zake, monga Pruneface wa mu 1942 ndi Flattop wa mu 1943, zinkatchedwa maina a zilema zawo, ndipo cholinga chake chinali chakuti wowerenga asakayike kuti woipa ndani ndiponso asamusirire.

Kumene njira yoweruza mafupa imathera kunaoneka ku Nuremberg. Nyuzipepala ya Der Stürmer, imene Julius Streicher anaiyambitsa mu 1923, inkasindikiza pafupifupi sabata iliyonse kuyambira mu 1925 zithunzi za Philipp Rupprecht, wodziwika ndi dzina loti Fips, zoonetsa Ayuda ndi mphuno zokhota, milomo yokhuthala ndi maso otuluka. Mu 1938 kampani ya Streicher inatulutsa buku la ana lotchedwa Der Giftpilz, lokhala ndi zithunzi za Rupprecht yemweyo, momwe ana asukulu akuphunzitsidwa m'kalasi kuzindikira Myuda poyang'ana mphuno yake. Streicher sanalamulire gulu la asilikali pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse kapena msasa wophera anthu, koma khoti la mayiko la ku Nuremberg linamupeza wolakwa chifukwa cha zimene ankasindikiza ndipo ananyongedwa pa 16 October 1946, pamene Rupprecht anakhala m'ndende mpaka 1950. Mbali inayo ya nkhondo sinali yoyera, chifukwa makatuni a ku America, ena mwa iwo a Bugs Bunny ndi Popeye, ankajambula Ajapani onse ndi mano otuluka, magalasi okhuthala ndi maso a timizere, pa nthawi imene boma linatsekera m'misasa anthu oposa 110,000 a mtundu wa Chijapani okhala m'dzikomo. Ku Africa zomwezi zinabwerezedwa ku Rwanda, kumene atsamunda anayezapo mphuno za anthu pofuna kusiyanitsa mitundu, ndipo nyuzipepala ya Kangura, yoyamba mu 1990, inagwiritsa ntchito makatuni onyoza Atutsi ndi andale otsutsa zaka zinayi chipululutso cha mu 1994 chisanachitike. Mkonzi wake, Hassan Ngeze, anapezeka wolakwa ku khoti la mayiko la ku Arusha mu 2003.

Nkhondo itatha, ojambula aluso kwambiri anatsamira ku njira ya kusuntha kwa nkhope, ndipo zaka zimenezi ndizo zinabala ntchito yokoma koposa. Wojambula aliyense ankakhala ndi kalilole patebulo pake, n'kumakwinya nkhope yake yomwe, kukweza nsidze imodzi, kuluma mano, kenako n'kujambula zimene waona. Frank Thomas, pojambula mayi womupeza wa Cinderella mu 1950, anachotsa pafupifupi chilichonse chokokomeza: mayiyo amakhala tsonga pabedi mumdima akusisita mphaka, nkhope ili phee, ndipo zikope zikatsika pang'ono kapena ngodya imodzi ya mlomo ikakwera, woonera amadziwa kuti mtsikanayo ali m'mavuto. Marc Davis anapatsa Cruella de Vil wa mu 1961 mafupa a masaya osongoka ngati chigaza ndi maso amene amasanduka mizere yozungulira yofiira misala ikamukwera pothamangitsa galimoto, pamene Milt Kahl mu 1967 anajambula nyalugwe wamizeremizere Shere Khan ndi ulemu wonse wa bwana wosafulumira, maso otseka theka, wotsimikiza kuti nyama yake sithawa. Chuck Jones, mu filimu ya Grinch ya mu 1966, anasonyeza kuti nthawi nayonso ndi mzere, chifukwa kumwetulira kwa Grinch akapeza nzeru yoipa kumayamba pang'onopang'ono, kumakwera masaya, kumapinda ngodya za milomo mpaka kudzaza nkhope yonse, ndipo kuchedwa kwakeko ndiko kumapatsa woonera mpata woona ganizo likukula. Komabe mabuku ophunzitsira anasunga zakale. Buku la Preston Blair la kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, limene mibadwo ya ojambula yaphunzirirapo, limapereka chitsanzo cha mpangankhani wandewu wokhala ndi chigaza chaching'ono, nsidze zolemera ndi nsagwada yaikulu, zomwe sizisiyana kwenikweni ndi mndandanda wa Lombroso.

Akatswiri a maganizo a anthu anadzafufuza chifukwa chake timizere topendekera timaopsa. Mu 1988 Joel Aronoff ndi anzake anayerekeza zigoba zovala kumaso zoopseza ndi zosaopseza zochokera m'mitundu yosiyanasiyana ya anthu, ndipo anapeza kuti zoopseza zimachuluka mizere yopingasa ndi ngodya zosongoka, ndiponso kuti mizere yoteroyo, ngakhale itajambulidwa payokha popanda nkhope, anthu amaiona ngati yoipa kuposa yozungulira. Izi zikusonyeza kuti wojambula ali ndi zida zokwanira zoopsezera popanda kubwereka mphuno ya mtundu wa anthu kapena chilema cha munthu.

M'zaka za m'ma 1990 wojambula mmodzi, Andreas Deja, anayang'anira zigawenga zitatu zotsatizana za Disney, ndipo zitatuzi zikuonetsa mmene nkhaniyi inali isanathere. Gaston wa mu Beauty and the Beast ya mu 1991 anapangidwa dala kukhala mwamuna wokongola wa chibwano chabwino, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, pamene chilombo choopsa maonekedwe ndicho chinali ndi mtima wabwino, ndipo Deja anavutika kupeza malire pakati pa kukongola ndi nkhanza chifukwa nkhopeyo sinamupatse chothandizira china koma kusuntha kwake. Chaka chotsatira, Jafar wa mu Aladdin anabwerera ku nkhope yaitali, mphuno yokhota ndi ndevu zopota, ndipo Aarabu okhala ku America anadandaula kuti alonda ankhanza ndi amalonda achinyengo a mufilimuyo ali ndi mphuno zazikulu ndi kalankhulidwe kachilendo pamene Aladdin ndi Jasmine akuoneka ndi kulankhula ngati achinyamata a ku America. Kampaniyo inasintha mawu ena a nyimbo yotsegulira mu 1993, koma nkhope zinatsala momwemo. Mu The Lion King ya mu 1994, Deja anatenga zikope zolemera ndi kapindidwe ka milomo kwa Jeremy Irons, amene ankalankhulira mkango woipawo, n'kupanga ntchito yaluso kwambiri, koma mkangowo unapatsidwanso manyenje akuda, thupi lowonda ndi chipsera padiso, ndipo chipseracho ndicho chinakhala dzina lake, Scar.

Anthu okhala ndi zipsera ndi zilema za pankhope ndiwo anadzayamba kufunsa mafunso amene Lichtenberg anafunsa. Mu 2017 madokotala a khungu a ku America analemba m'magazini ya JAMA Dermatology kuti mwa zigawenga khumi zotchuka kwambiri m'mafilimu a ku America, pa mndandanda wa American Film Institute umene mfumukazi ya mu Snow White ilinso pomwepo, zisanu ndi chimodzi zili ndi zizindikiro zoonekera pakhungu monga zipsera, njerewere, makwinya akuya kapena dazi, pamene mwa ngwazi khumi zotchuka palibe ndi mmodzi yemwe woonetsedwa motero. Mu November 2018 bungwe la British Film Institute, pogwirizana ndi kampeni ya bungwe la Changing Faces, linalengeza kuti silidzaperekanso ndalama ku mafilimu ogwiritsa ntchito zipsera za pankhope monga chizindikiro cha kuipa. Makampani a makatuni anali atayamba kale kubisa zigawenga zawo m'nkhope zokoma, monga chidole chofiirira Lotso mu Toy Story 3 ya mu 2010 ndi kalonga Hans mu Frozen ya mu 2013, amene kuipa kwake kumaululika m'masekondi ochepa pamene zikope zikutsika ndipo kumwetulira kukukhotera mbali imodzi, chigaza ndi mphuno zili zomwezo. Kusintha kumeneku sikunayende mbali imodzi yokha. Pamene The Lion King inapangidwanso pa kompyuta mu 2019 ndi nyama zooneka ngati zenizeni, mikango inataya nsidze ndi milomo imene Deja ndi anzake ankaseweretsa, ndipo olemba za mafilimu ambiri anadandaula kuti nkhope zake sizikuonetsa chimwemwe, mantha kapena chiwembu. Pofuna kuti Scar adziwikebe kuti ndi woipa, opanga filimuyo anamusiyira chipsera chake, n'kumuonjezera nthiti zoonekera, khutu long'ambika ndi manyenje osothoka.